Bere la Nsalu Limene Linandipatsa Dzina la Ufiti

Tamanda ndi Rudo, ana anga, ndi inu zidzukulu zanga amene Chichewa mumachimvera khutu limodzi: mutu uno ndaulemba m'chilankhulo cha agogo anu mwadala. Wofuna kudziwa chifukwa chimene ine ndinkatchedwera mfiti ku Glen Norah avutike awerenge yekha. Mwakhala mukundifunsa kuyambira muli pasukulu, ine n'kumangoti zisiyeni. Sindinkabisa chifukwa cha manyazi ayi. Nkhaniyi inali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo tinamuika m'manda chaka chatha.

1992, chaka cha chilala

Ntchito ndinaiyambira pa kiliniki ina ku Mbare, chaka chimene tinkadya ufa wachikasu uja. Bambo anu anali kufakitale ku Willowvale, kumene agogo anu anagwiranso atabwera kuchokera ku Dedza. Sindinali namwino, musamanamize anzanu. Ndinali mlangizi wa zaumoyo woyenda khomo ndi khomo: kuona zimbudzi, kukumbutsa za katemera wa ana, kutsatira odwala chifuwa chachikulu amene asiya mankhwala panjira. Anandilemba chifukwa cha pakamwa pangapa. M'manyumba a ku Mbare munali amayi ambiri akwathu ndi a ku Tete amene namwino akamalankhula Chishona ankangogwedeza mutu, kenako n'kupita kunyumba asanamve kanthu. Panafunika munthu woti akawabwerezere m'chilankhulo chimene amalotera.

Bwana wanga woyamba anali Sisita Ncube, mayi wamfupi wosakhulupirira munthu aliyense, ngakhale wotchi yapakhoma ankaikayikira. Tikabwerako koyenda, asanatiyankhe moni ankayang'ana nsapato zathu. Zikakhala zopanda fumbi, basi, ndiye kuti tinakakhala pansi pa mtengo kudya mabanzi. Tsiku lina anandiitana nati, "Iwe muBulantaya, anthu akowa akati inde, usamasangalale. Inde woyamba ndi wakuti uchoke pakhomo pawo. Ubwererekonso mawa ukaone ngati mapiritsi achepa." Ndinakwiya ndi dzina lija la muBulantaya, poti ine ndinabadwira konkuno ndipo Blantyre sindinaione n'kamodzi komwe. Koma za inde zija ankanena zoona. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyang'ana manja a munthu akamalankhula, osati pakamwa pake.

Kenaka kunabwera zaka za matenda aja amene tinkaopa kuwatchula, pamene Loweruka lililonse linali la maliro. Yunifolomu yathu inasanduka chizindikiro choipa. Ukalowa pageti pa munthu, oyandikana nawo ankasuzumira pampanda n'kumanong'onezana kuti m'nyumba umo mwalowa. Ena ankandilandira ndi tiyi, ena ankatumiza mwana kudzanena kuti amayi achokapo, chonsecho ndikuona nsapato zawo pakhomo. Ndikufuna mudziwe kuti kukayikiridwa sikunayambe ndi nkhani ya bere. Anthu anali atazolowera kale kuganiza kuti kumene kwapita mayi wa zaumoyo, imfa imatsatira m'mbuyo.

Zaka za ku Glen Norah

Patapita zaka anandisamutsira ku kiliniki yapafupi ndi kwathu ku Glen Norah, pansi pa Sisita Marufu, mayi wamtali waukhondo amene ankapukuta cholembera akabwereketsa munthu. Ndiye amene anatitumiza kumaphunziro m'tauni okhudza khansa ya m'mabere, imene Ashona amati gomarara. Anatiphunzitsa kuti mayi azidzipima yekha mwezi ndi mwezi akangomaliza kusamba kwa kumwezi: akweze mkono, ayendetse zala zitatu zapakati mozungulira bere lonse mpaka m'khwapa, amve ngati muli kanthu kolimba, aone ngati khungu lanyala kapena nsonga yalowa m'kati kapena ikutuluka zachilendo. Anatiuzanso kuti zotupa zambiri sizikhala khansa, koma woweruza ndi achipatala. Zonsezo zinali zabwino. Chimene chinandiseketsa ndi zithunzi zimene anatipatsa. Mayi wa pachithunzipo anaima pa kalilole wamtali ngati chitseko, kenaka anagona pabedi lake yekha, pilo paphewa, chitseko chotseka. Ndinafunsa mphunzitsi kuti, "Pepani, mayi ameneyu amakhala laini iti ku Glen Norah?" Anzanga anaseka, mphunzitsi sanaseke.

Amayi athu ambiri anali maloja, banja lonse m'chipinda chimodzi chobwereka, nsalu yotchinga pakati, ana atatu mbali inayo. Kalilole anali kachidutswa koonera mphumi pokha. Bafa linali limodzi kuseri kwa nyumba, la mabanja asanu, madzi a m'chidebe otunga pamjigo, ndipo ukachedwamo pang'ono mkazi wa eninyumba wagogoda kale. Munthu wotere umuuze kuti aziima chiimire akudzisisita bere mozungulira? Koma malo sanali vuto lalikulu. Vuto linali zimene ankandiyankha, ndipo ndimazikumbukira ngati za dzulo. Wina anati, "Amake Tamanda, chinthu ukamachifunafuna chimabwera. Inu mukutiphunzitsa kuitana matenda." Wina anati, "Abambo akandipeza ndikudzigwiragwira, adzati ndaphunzira kwa yani?" Atsikana ankati ndi nthenda ya agogo, agogo ankati mabere awo anamaliza ntchito kalekale, palibe chingawafune. Ogulitsa pamsika ankati zimayamba ndi kusunga makobidi m'kamisolo, ndiye iwo anasiya, nkhani yatha. Wina, mayi wanzeru zake, anandiyang'ana m'maso nati, "Chabwino, ndachipeza. Ndiye nditani? Mchemwali wanga anapita kuchipatala ndi mabere awiri, anabwerako ndi limodzi, kenaka tinakamutenga m'bokosi. Bola osadziwa." Ndinayesa kumuuza kuti mchemwali wakeyo anapita bala litaphulika kale, koma anali atayamba kusesa, ndipo fumbi ankalisesera kumapazi kwanga.

Kumaphunziro kuja kunali bere lampira lochokera kunja, lokhala ndi timibulu m'kati, loti munthu aphunzire kumva ndi zala. Linali limodzi, la makiliniki angapo, ndipo likafika kwathu Sisita Marufu ankalitsekera m'kabati kuopa kuti lingadetsedwe. Pamapeto pake linasowa, aliyense n'kumaloza mnzake. Ine mumandidziwa, sindidikira. Ndinatenga juzi yakale yasukulu ya Tamanda, yofiirira ija, ndinadula, ndinasoka ngati bere, ndinathiramo thonje la m'pilo wakale, ndipo m'katikati ndinabisamo nzama imodzi youma. Ndinalisoka bwino, nsonga yomwe ndinaikapo. Ndinanyadira ntchito ya manja anga. Sindinaganizeko kuti kwa munthu wakwathu, kanthu kansalu kosokedwa mbali zonse, kobisa njere m'kati, koyenda m'chikwama cha mayi, kali ndi dzina lake kale. Ndi chithumwa.

2008, chaka chimene mashelefu anauma

Ndinapita nalo bere lija kumsonkhano wa amayi wa Lachinayi kumpingo kwathu. Wapampando, Mayi Nangozo, anandipatsa nthawi monyinyirika, poti ine ndi iwo tinali titakanganapo pankhani ya nyimbo zapamaliro. Nditalitulutsa bere lija, amayi anaseka mpaka kugwetsa mipango. Linayenda dzanja ndi dzanja, wina kulifinya ngati akugula mapeyala, wina kufuula kuti mulibe kanthu umu. Kenaka linafika kwa Maliya, amake Sesiliya.

Maliya anali wa ku Angonia, ku Tete. Anathawa nkhondo ali mtsikana, ndipo ankagulitsa tomato ndi repu pakona pamene pamaima makombi, maminibasi akuno. Anali wamng'ono kwa ine, wosalankhulalankhula. Amuna ake, Bambo Zuze, anali mlonda ku Msasa, munthu wa nkhope yosaseka amene analumbira kuti wa m'nyumba mwake sadzapondanso kuchipatala, kuyambira pamene mwana wawo woyamba anafera pa kiliniki ya kumalo a othawa nkhondo. Maliya atalandira bere lija sanaseke. Zala zake sizinafufuze n'komwe. Zinapita molunjika, zinazungulira kamodzi, zinaima pa nzama paja. Analipereka kwa mnzake msangamsanga, napukuta dzanja pachitenje. Ndinadziwa kuti zala zimenezo zinagwirapo kale kanthu kotere.

Patapita masiku anandikodola ndikudutsa pakona paja. Ananditengera kuchipinda kwake masana, ana ali kusukulu, abambo ali kuntchito. Anatseka chitseko nati, "Amake Tamanda, kanthu kanu kaja kali mwa ine. Kanayamba dzinja lathali, inu musanasoke n'komwe chinthu chanucho." Ndinagwira. Kanali kumanzere, kufupi ndi khwapa, kolimba, kosasuntha, kosapweteka. Ndinamuuza kuti mawa lomwelo tipite. Anagwira dzanja langa mwamphamvu. "Lumbirani kuti simuuza munthu. Abambo akamva kuti ndakhala ndikubisa, m'nyumba muno simukhalika. Ndipo sangandilole kuchipatala. Anditumiza kumudzi kwa amalume awo akanditeme mphini, ndikafere komweko." Ndinati ndilankhula nawo ndine abambowo. Anati, "Mukatero mwandipha ndinu." Ndinalumbira. Masabata otsatira ndinkadutsa pakona paja tsiku ndi tsiku, kugula tomato amene sindinkamufuna, kumunyengerera. Ankangoti inde, inde. Inde wa Sisita Ncube uja.

Ndiye mphepo inatembenuka. Ndinayamba kuziona pamjigo. Chaka chimenecho mipopi inali youma, mzere wa zidebe unkafika kumsewu, anthu ankamenyanirana malo. Koma ine ndikafika, zidebe zoyandikana ndi changa zinkasunthidwa, ndipo ankandisiyira njira kuti nditunge msanga ndizipita. Poyamba ndinkayesa ulemu, kupusa kwanga! Mayi amene ndinkagula naye makala anayamba kundiuza kuti atha, matumba ali poonekera. Kenaka iwe Rudo unabwera kusukulu ukulira, anzako atakana kudya nawe, akuti amayi ako amayenda ndi bere la munthu wakufa m'chikwama. Nkhani yonse ndinaimva kwa mlamu wanga. Ankati Mayi Phiri, kunena ine, ali ndi chithumwa chooneka ngati bere, amachiyendetsa m'manja mwa amayi, ndipo amene wapeza njere, njereyo imamulowa. Umboni wake? Amake Sesiliya anaipeza, lero ili m'chifuwa mwawo.

Ndinapsa mtima. Ndani wayambitsa? Ndinkawayang'ana onse mmodzimmodzi. Ndinakayikira mnzanga wa kuntchito amene ankafuna dera langa. Ndinakayikira mkazi wa eninyumba a Maliya, amene khutu lake linkakhala pakhoma. Koma mtima wanga unakhazikika pa Mayi Nangozo. Ndinati ndi iwowa, nkhani ya nyimbo ija sanaiiwale. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo kwawo n'kumayang'ana khosi lawo m'malo momvera ulaliki.

Sisita Marufu anandiitanira mu ofesi. Anati, "Mai Phiri, ndinakupatsani zithunzi. Zosokasokazi anakutumani ndani?" Ndinatulutsa bere lija n'kuliika patebulo. Analikankha ndi cholembera, osaligwira. Kenaka anatsitsa mawu. "Tili awiri muno. Inu a ku Malawi mumadziwa zinthu, tonse timamva. M'katimu muli chiyani kwenikweni?" Mayi wophunzira, wa malamba paphewa! Ndinapempha lezala, ndinadula ulusi pamaso pake, ndinakhuthula thonje. Nzama inagubuduka patebulo n'kukaima pafupi ndi kapu yake ya tiyi. Ndinaitchula m'Chishona chake kuti, "Nyimo, Sisita. Zomwe mumaphika kwanu." Anati wakhulupirira. Ndikutuluka ndinamva akuthira madzi m'beseni kusamba m'manja, ndipo tiyi uja anamutaya pawindo.

Lamulungu lake masana, titangobwera kutchalitchi, Bambo Zuze anaima pageti pathu atavala chijasi chawo chaulonda, dzuwa lonselo. Anabwera ndi akuluakulu awiri akwawo ku Tete. Maliya anali kumbuyo kwawo, mutu pansi. Oyandikana nafe anatuluka ngati akukayanika zovala. Bambo anu anawapatsa mipando, iwo anakana. Bambo Zuze anati, "Mayi, sindinabwere kudzakangana. Ndapita kwa mneneri, ndapita kwa wamankhwala. Onse akuti chinthu chotere amachotsa ndi mwini wake. Kwathu womanga ndiye amamasula. Munaika ndinu, muchotse ndinu. Mukakana, mawa ndimukweza basi ya ku Tete, ndipo akakafa, maliro ake ndidzawatula pakhomo pano."

Bambo anu anatembenukira kwa ine mwaukali. Anati, "Amake Tamanda, auzeni anthuwa! Auzeni kuti simukudziwapo kanthu!" Ndipo ana anga, mawu ndinali nawo pakamwa. Ndikanangoti, funsani akazi anu kuti chinayamba liti. Chiganizo chimodzi, dzina langa likanayera pomwepo, pamaso pa laini yonse. Ndinayang'ana Maliya. Sanadzutse mutu, koma manja ake anali akupotokola nsonga ya chitenje mpaka zala kuyera. Ndinaganiza za basi ya ku Tete, za lezala la amalume, za kanthu kaja kamene kankakula tsiku lililonse ife tikukangana. Ndipo ndinaona chinthu chimene miyezi yonse yonyengerera sinandipatse. Munthu amene analumbira kuti mkazi wake sadzaponda kuchipatala anali ataima pageti panga, akundipatsa mkaziyo m'manja.

Ndinafunsa kuti, "Bambo, ndikati ndichotse, mundilola kukachotsera kumene ine ndikufuna?"

Anati, "Kulikonse."

"Ngakhale kuchipatala? Ngakhale atanena kuti pafunika mpeni?"

Anayang'ana akuluakulu aja. "Ngati ndi kumene mumamasulira zinthu zanu, mutengeni."

Ndinati, "Akuluakulu, mwamva. Mawa m'mawa ndidzamutenga."

Sindinanene kuti ndinalodza munthu. Mulungu ndi mboni, mawu amenewo sanatuluke pakamwa panga. Koma ndinkadziwa bwino lomwe mmene zimvekere. Dzuwa lisanalowe, Glen Norah yense anali atamva kuti Mayi Phiri avomera. Bambo anu analowa m'nyumba osandiyang'ana. Madzulo ake anandifunsa kamodzi kokha kuti, "Mwatigulitsiranji?" Ndinati nkhaniyo si yanga. Anakhala nthawi yaitali akundilankhula zokhazo zofunika, za mchere ndi za makiyi, ndipo anamwalira osadziwa. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Kuchotsako sikunali kwa tsiku limodzi. Chaka chimenecho zipatala za m'tauni zinalibe ngakhale magolovesi, anamwino ena anali atawoloka malire kukafuna moyo. Tinayenda uku ndi uku, kuuzidwa kuti bwerani sabata yamawa, ine ndikumukoka Maliya ngati mbuzi yokana kumsika. Pomaliza tinakwera lole kupita kuchipatala china cha mishoni kunja kwa tauni. Anadulako kachidutswa kukapima, tinadikira, yankho linabwera loti ndi khansa. Dokotala anati tachedwa, koma osati mochedwetsa. Anachotsa bere lonse ndi za m'khwapa. Bambo Zuze sanabwere, anati ntchitoyo ndi yanga. Ndinagona pansi pambali pa bedi lake, kumusambitsa, kumumwetsa phala. Tsiku lotuluka anadziyang'ana pachifuwa, bulauzi itaphwa mbali imodzi, nayamba kulira kuti pakona paja akaima bwanji. Ndinali ndi nsalu ya juzi ija m'chikwama, ndi thonje lake, chiphwasulire cha mu ofesi ya Sisita. Ndinapempha singano kwa namwino, ndinalisokanso, nzama ndinaisiya kunja. Ndinamuikira m'kamisolo. Linakwana ngati ndinachita kumuyeza.

Ndiye muziseka nane pang'ono, ana inu. Chithumwa chimene Glen Norah yense ankachiopa chinakhala pachifuwa pa Maliya zaka zonsezo, pakona pa makombi, anthu omwewo akuwerama pafupi nacho kusankha tomato.

Chaka chotsatira ndi zaka za pambuyo pake

Titabwerako ndinapeza udindo wanga wa mlembi wa amayi a Lachinayi atapatsa wina. Sisita Marufu anati anthu a dera langa sakundifunanso, nanditumiza ku Budiriro kumene kolera inali itavuta, kukanyamula zidebe za mankhwala othira m'madzi. Ndinagwira kumeneko mpaka kupuma ntchito. Maliya anachira, ananenepa, anabwerera pa tomato wake. Tikakumana pagulu ankangoti mwaswera, maso kumbali. Bambo Zuze ankandivulira chipewa pamsewu, osati mwaulemu, koma mmene munthu amachitira ndi galu wa eni ake amene anamulumapo.

Chodabwitsa n'chakuti amayi ena anayamba kubwera. Ankadzera kuseri, masana anthu ali kumsika, n'kunong'ona kuti, "Amake Tamanda, ndamva kanthu apa. Paja inu mumadziwa kuchotsa." Ndinkafuna kuwatukwana. M'malo mwake ndinkasamba m'manja, kuwagwira, kuwaphunzitsa zala zitatu zija, n'kuwaperekeza kukiliniki. Ambiri zinali zotupa wamba. Koma analiponso ena amene chifukwa cha mbiri yomweyo analumbira kuti sadzadzigwira bere moyo wawo wonse, ndipo akandiona ankafunda chitenje mpaka m'khosi. Amenewo sindinawafikire. Musandifunse ngati mbali iyi inaposa inayo, sindidziwa. Mayi Nangozo ndinasiya kuwapatsa moni, iwonso anasiya.

Chaka chatha

Bambo Zuze anatsogola. Patapita nthawi Maliya anagwidwa ndi sitiroko, osati khansa ayi, ija sinabwererenso. Anali ataona Sesiliya akukwatiwa, atanyamula zidzukulu, imvi zili mbuu. Tsiku lina m'mawa Sesiliya anabwera kudzanditenga, akuti amayi akukufunani. Ndinamupeza atagona, pakamwa patapotoka pang'ono, koma mawu ankamveka. Anatulutsa ana onse.

Anati, "Amake Tamanda, nkhani ija ya chithumwa, munkati anayambitsa ndani?"

Ndinati, "Nangozo. Ndani winanso?"

Anatseka maso. "Ndinali ine."

Ndinayesa ngati matenda amusokoneza mutu. Koma anapitiriza, pang'onopang'ono. "Ndinawauza ndine abambo kuti chinandilowa tsiku la msonkhano lija. Ndinauzanso mkazi wa eninyumba, podziwa kuti pofika madzulo zikhala zili pamjigo. Ndinakhala nawo abambo aja zaka zambiri, ndinkawadziwa. Dokotala sakanamumvera, abusa sakanawamvera, inu mukanapita ndi zithunzi zanu akanakuthamangitsani. Koma mfiti ankaiopa. Ndinaona kuti khomo ndi limenelo basi. Ndipo ndinkadziwa kuti inu simudzaulula, poti munalumbira."

Ulemu wonse unathawa. Ndinati, "Iwe Maliya! Iwe! Ndinagona pasimenti chifukwa cha iwe! Mwana wanga ankadya yekha kusukulu! Amuna anga anapita m'manda akundiyesa wopusa kapena woipa, sindidziwa chiti!" Anati, "Ndikudziwa. Wanu ankadya yekha. Anga akanadya kwa mayi wowapeza." Ndinanyamuka, ndinatenga chikwama, ndinafika pachitseko. Kunja Sesiliya anali akuchapa, mwana wake wamkazi atamukoleka kumsana, akuimba. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu, dzanja lili pachitseko. Kenaka ndinabwerera n'kukhala pabedi.

Anafunsa kuti, "Ndikanabwera kudzakupemphani poyera, kuti mundisenzere dzina limeneli, mukanavomera?"

Ndinati, "Ndikanakutukwana kaye."

"Kenaka?"

"Kenaka ukudziwa wekha, mfiti iwe."

Anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, misozi ikutsikira m'khutu. Ndinamupukuta ndi mpango wanga, ndikadali wokwiya. Anandiuza kuti iye akapita ndidzanene zonse, ana ake anawauza kale. Sanathe mwezi.

Titaika maliro ndinapita kwa Mayi Nangozo, amene tsopano amayenda ndi ndodo. Ndinati, "Mwadzuka bwanji, mayi?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Mukufuna chiyani?" Ndinawafotokozera. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Hmm. Ndiye mwati m'kati muja munali nzama basi?" Anthu athu!

Sabata yotsatira Sesiliya anabwera ndi kaphukusi. Amayi osambitsa thupi anapeza bere lija m'kamisolo, ndipo Maliya anali atanena kuti limenelo lisapite naye, libwerere kwa mwini wake. Lasuluka, lazigambidwa kawiri ndi ulusi wosiyana, koma juzi yako ija, Tamanda, ikudziwikabe. Ndalichapa, ndathiramo thonje latsopano, ndabwezeramo nzama. Lili m'dilowa yapamwamba, m'mene mumakhala mabuku anga a nyimbo.

Loweruka likubwerali mubwere nonse awiri, ndi ana anu aakazi, ndi Sesiliya ndamuitana. Chitseko cha kuchipinda kwanga chimatsekeka, kalilole wamtali ndinagula. Aliyense aligwira mpaka zala zake ziipeze nzamayo, kenaka adzipima yekha ine ndili panja. Ndipo wondiyankha kuti inde amayi, inde, tidzachita kunyumba, adziwe kuti geti ndikiya.